Kusamuka ndi Kupukwa M'dziko la Mburuma

Dziko la Mfumu Yaikulu Mburuma lili m'boma la Luangwa, m'chigawo cha Lusaka ku Zambia, motsatira gombe la kumadzulo la mtsinje wa Luangwa pamene mtsinjewo ukutsetsereka kukathira mu Zambezi. Eni dzikoli ndi Ansenga-Luzi. Kummwera kwawo, cha kumathiriro a mtsinje, kuli Achikunda a Mfumu Mphuka ndi tauni ya Luangwa, imene kale inkatchedwa Feira. Kutsidya kwa Luangwa ndi ku Mozambique, kumene kuli Zumbo, ndipo kutsidya kwa Zambezi ndi ku Kanyemba m'dziko la Zimbabwe. Pa kalembera wa 2010 boma lonseli linali ndi anthu opitirira pang'ono 24,000, koma ana ake enanso ambiri ali ku Lusaka, ku migodi ya Copperbelt ndi ku Zimbabwe.

Chigwachi n'chotentha, mvula yake ndi yochepa ndiponso yosadalirika, ndipo anthu ake sanayambe lero kumanga mitolo. Chimene chasintha ndi nyengo yosamukira. Makolo ankasamuka m'chilimwe atakolola, pamene lero ambiri amalongedza katundu mu Disembala, mvula ili mkati, anzawo akukonzekera Khirisimasi. Kusinthaku kunadza pang'onopang'ono potsatira malonda, nkhondo, mishoni, msonkho, ntchito yamalipiro ndi sukulu.

Mmene makolo ankasamukira

Mudzi wa Chinsenga sunkakhala malo amodzi mpaka kalekale. Nthaka ikaguga, madzi osefukira akakokolola nyumba, njovu zikazolowera minda, maliro akachuluka, kapena abale akayambana mlandu n'kukanika, akuluakulu ankayamba kufuna malo ena. Mudzi unkasamuka ndi dzina lake lomwe, poti dzinalo linali la mwini mudzi. Malo akale ankasanduka bwinja, lodziwika ndi milambe, mitengo ya masau ndi manda a makolo, ndipo anthu sankaleka kulitchula kuti ndi kwawo.

Ntchito yosamuka inali ndi nthawi yake. Mapira ndi chimanga zikalowa m'nkhokwe, cha mu Meyi ndi Juni, amuna ankadula mitengo ndi kusenda luzi, akazi ankamweta udzu ndi kuponda dothi lomatira zipupa. Mtsinje unali utaphwera, njira zitauma, ndipo chakudya chopatsa othandiza ntchito chinalipo. Pofika Okutobala, mwezi umene kutentha kwa m'chigwa kumafika pachimake, nyumba zinkayenera kukhala zitafoleredwa ndipo mphanje itaswedwa. Mvula yoyamba ya Novembala kapena Disembala inkapeza aliyense ali ndi khasu m'manja. Wosamuka m'dzinja ankataya chaka chathunthu: kumene wachoka sankapalira, kumene wafika sankadzala, ndipo ankafikira kwa eni ake nkhokwe zitayamba kupepuka. N'chifukwa chake munthu akaoneka atasenza mphasa ndi miphika mvula ikugwa, onse ankadziwa kuti kumene akuchokera kwagwa vuto.

Panalinso kusamuka kwa munthu mmodzi. Ansenga amatsata mtundu wa kuchikazi, ndipo mwamuna akakwatira ankapita kuchikamwini, kukamanga nyumba ndi kulima kwa apongozi. Motero amuna ambiri ankadziwa kupukwa adakali anyamata, akukhala pakati pa mbumba ya eni pamene mbumba yawo ili kwina. Chimene chinkawapepuza ndi mfunda. Munthu wa kwa Tembo, Lungu, Mwanza, Mumba kapena Sakala ankati akatchula mfunda wake kumudzi wachilendo, sankalephera kupeza womutcha mbale ndi kumupatsa pogona.

Mwambo waukulu pa zonsezi unali kutsazika. Wosamuka ankayamba wauza atsibweni ake, iwo n'kukatula nkhaniyo kwa nyakwawa. Ngongole zinkabwezedwa, milandu inkathetsedwa, ndipo munda pamodzi ndi dimba la kumtsinje zinkasiyidwa m'manja mwa mbale wodziwika. Azimayi ankakonza kamba wa paulendo: ufa, nsomba zouma, chimanga chokazinga ndi masau ouma. Wochoka mozemba ankadzitsekera yekha njira yobwerera.

Malonda ndi nkhondo pamathiriro a Luangwa

Cha m'ma 1720 amalonda a Chipwitikizi ndi ochokera ku Goa anakhazikitsa msika ku Zumbo, ndipo pambuyo pake anamanganso kutsidya, ku Feira. Ankagula golide wochokera kummwera kwa Zambezi ndi minyanga ya njovu yochokera kumpoto, posinthana ndi nsalu ndi mikanda. Malondawa anabweretsa mtundu watsopano wa apaulendo: opalasa ngalawa za ku Tete, amtengatenga ndi otumidwa kukagula katundu kutali, amene ankatha miyezi yambiri asanaone kwawo.

Ubale wa amalondawa ndi mafumu a Mburuma unali wosakhazikika. Mu 1804 Mburuma anathira nkhondo Zumbo, ndipo amalonda anathawira kutsidya, ku Feira. Zaka zotsatira zinadza ndi chilala ndi nkhondo zina. Mu Novembala 1835 Angoni a Zwangendaba anawoloka Zambezi chakufupi ndi Zumbo, tsiku limene kadamsana anaphimba dzuwa, ndipo pofika 1836 msikawo unali utasiyidwa. David Livingstone atadutsa m'midzi ya Mburuma n'kufika pamathiriro pa 14 Januwale 1856, anapeza mabwinja a nyumba zamiyala, tchalitchi chogumuka ndi belu losweka.

Apwitikizi anabwerera ku Zumbo mu 1862, ndipo nyengo yotsatira inali yowawa koposa. Atsogoleri a magulu a Achikunda okhala ndi mfuti, monga José do Rosário Andrade wotchedwa Kanyemba ndi José de Araújo Lobo wotchedwa Matakenya, ankasaka minyanga ndi akapolo m'chigwa chonse. Midzi yambiri inathawira kumapiri kapena kubisala m'malinga, ndipo ogwidwa ankatengedwa ulendo wosabwerera. Kusamuka kotere kunalibe chilimwe kapena dzinja. Achikunda eni akewo analinso anthu ochoka kwawo, ochokera m'minda ikuluikulu ya Apwitikizi cha ku Tete, ndipo ambiri anakwatira m'midzi ya Ansenga n'kukhazikika. Mu 1887 kunafika John Harrison Clark, amene anthu anamutcha Changachanga, n'kudzipangira asilikali ndi ulamuliro wake ku Feira mpaka pamene kampani ya British South Africa inatenga dzikolo.

Pangano la Britain ndi Portugal la mu Juni 1891 linasandutsa chigawo chakumunsi cha mtsinje wa Luangwa kukhala malire. Kuyambira pamenepo mlongo wokwatiwa kutsidya anakhala wa dziko lina, ngakhale utsi wa pamudzi pake unkaoneka kuchokera kwawo. Bwato linapitiriza kuwolotsa anthu a kumaliro, kuukwati ndi kumsika, koma kusamukira kutsidya kunasanduka kusintha boma, msonkho ndi malamulo.

Mishoni ndi chiyambi cha Khirisimasi m'midzi

Mu Okutobala 1910 ufumu wa ku Portugal unagwetsedwa, ndipo boma latsopano linathamangitsa ansembe a Chijezuwiti m'maiko ake onse. Ansembe amene anali pa mishoni ya Miruru, kufupi ndi Zumbo, anawoloka Luangwa n'kutsegula mishoni ku Kapoche ndi ku Katondwe. Ambiri mwa amene anagwira ntchito kumeneku m'zaka zotsatira anali ochokera ku Poland, anthu amenenso anali kutali ndi kwawo. Katondwe inakula kukhala likulu la chipembedzo, maphunziro ndi chithandizo cha odwala, ndipo chipatala chake chikutumikirabe anthu a mbali zonse ziwiri za mtsinje.

Mishoni inabweretsa kalendala ina pambali pa ya khasu. Makolo ankawerenga chaka poyang'ana mvula, kusefukira kwa mtsinje ndi kucha kwa mbewu, ndipo maphwando awo aakulu ankagwa pambuyo pa zokolola. Khirisimasi inagwa pakati pa nyengo yopalira, chakudya chitayamba kuchepa. Komabe tsikuli linazika mizu msanga. Akhristu a m'midzi yakutali ankayenda wapansi kukagona ku mishoni kuti achite nawo Misa ya usiku, ndipo m'kupita kwa zaka tsikuli linadziwika ndi zovala zatsopano, mpunga, nkhuku, nyama ya mbuzi, tiyi ndi buledi, ngakhale m'mabanja osapemphera. Linasanduka tsiku lowerenga amene alipo pakhomo ndi amene palibe. Sukulu za mishoni nazonso zinayamba kuchotsa ana pakhomo kwa miyezi ingapo ndi kuwabweza pa tchuthi.

Msonkho ndi njira ya ku Halale

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 kampani ya British South Africa inatsegula boma ku Feira n'kulamula msonkho wolipira ndi ndalama. M'chigwa munalibe ntchito yopezera ndalamazo, choncho amuna analunjika kummwera kwa Zambezi, ku migodi monga Shamva, ku mafamu a ku Mazoe ndi ku Salisbury, mzinda umene ankautcha Halale. Feira inakhala limodzi mwa madooko akuluakulu a ulendowu. Pankawolokera anthu a m'chigwa, a ku Petauke, a ku Fort Jameson ndi a ku Nyasaland, kenaka n'kudutsa thengo la Dande, lodzala ndi ludzu, tsetse ndi zilombo, mpaka kukwera mapiri a ku Sipolilo.

Bungwe la Rhodesian Native Labour Bureau, limene linakhazikitsidwa mu 1903, linkalemba anthu pa mapangano a miyezi yambiri n'kuwatumiza kumene olemba ntchito akusowa antchito, kawirikawiri kumalo a malipiro ochepa. Ntchito yotereyi ndiyo inkatchedwa chibalo, ndipo amuna ambiri ankalola kuyenda okha m'magulu pofuna kuizemba. Mu 1936 maboma a Southern Rhodesia, Northern Rhodesia ndi Nyasaland anasainirana pangano la kayendetsedwe ka anthu opita kuntchito, ndipo chakumapeto kwa zaka za m'ma 1930 kunayamba magalimoto onyamula ofuna ntchito osalipiritsa, amene anadziwika ndi dzina lakuti Ulere.

Poyamba maulendowa ankatsatabe kalendala ya kumudzi. Mwamuna ankanyamuka atakolola ndi kukonzera mkazi wake denga, ali ndi cholinga chobwerera mvula isanagwe. Koma pangano la ntchito silinkadziwa za mvula, ndipo tchuthi chodalirika kwa olemba ntchito chinali cha Khirisimasi. Motero kutha kwa chaka kunasanduka nthawi yodikira. Wobwerera ankafika ndi bokosi la mabulangete, nsalu, sopo ndi shuga, wamwayi n'kukankha njinga kapena kusenza makina osokera. Chikondwerero chikatha, ena ankatsazikanso mu Januwale, chimanga chili m'mawondo, ntchito yopalira n'kutsalira akazi, ana ndi nkhalamba.

Kupukwa kwa amunawa kunali ndi njira zake zokuchepetsera. M'makomboni a migodi ndi mafamu anthu a dera limodzi ankagona moyandikana, kuphika pamodzi, kuvina magule akwawo ndi kusonkherana ndalama m'magulu othandizana pa maliro, kuti mnzawo asaikidwe ngati wopanda abale. Uthenga unkayenda pakamwa pa obwerera kumudzi ndi m'makalata olembedwa ndi ophunzira a ku mishoni, amene kumudzi ankawerengedwa mokweza pamaso pa banja lonse. Amene anasiya kulemba ndi kutumiza kanthu ankatchedwa machona. Ena anakwatira komweko, ndipo zidzukulu zawo zili ku Zimbabwe mpaka lero. Kwa otsala, kupukwa kunali kwa mtundu wina: mkazi wosadziwa ngati akadali pabanja, ndi mayi woyang'ana kudooko Khirisimasi iliyonse. Mwambi wakuti kwanu n'kwanu, m'thengo mudalaka njoka, unkanenedwa ngati chenjezo kwa onyamuka ndiponso ngati chitonthozo kwa odikira.

Njira ya kumadzulo inatsegukanso. Mlatho woyamba wa pa Luangwa, pa msewu wa Great East, unamangidwa mu 1932 ndi ndalama za Beit Trust, migodi ya Copperbelt inayamba kukula chakumapeto kwa zaka za m'ma 1920, ndipo Lusaka inakhala likulu la dziko mu 1935. Anthu a kwa Mburuma, pokhala kufupi ndi mlathowo kuposa anzawo a kumathiriro, anayamba kulowera ku Lusaka, ku Broken Hill ndi ku migodi ya mkuwa.

Ufulu ndi nkhondo za m'malire

Zambia italandira ufulu mu 1964, dzina la Feira linasinthidwa kukhala Luangwa, ngakhale dera la phungu wa Nyumba ya Malamulo likutchedwabe Feira. Malamulo oletsa anthu akuda kukhazikika m'matauni anatha, ndipo mabanja athunthu anasamukira m'makomboni a Lusaka monga Kalingalinga, Mtendere, Chawama ndi Matero. Mlatho watsopano wa pa Luangwa unatsegulidwa mu 1968. Koma njira ya kummwera inayamba kutsekeka boma la Ian Smith ku Rhodesia litadzilengeza lodziimira palokha mu Novembala 1965, ndipo mu Januwale 1973 malire a Zambia ndi Rhodesia anatsekedwa. Ambiri amene anali ku Halale anatha zaka osaona kwawo.

Boma la Luangwa linapezeka pakati pa nkhondo ziwiri zomenyera ufulu, ya ku Mozambique ndi ya ku Zimbabwe. Pa 6 Malichi 1978 asilikali a Rhodesia anaukira msasa wa omenyera ufulu wa Zimbabwe a ZIPRA ku Kavalamanja, m'mbali mwa Zambezi kumadzulo kwa tauni ya Luangwa. Kunafa omenyera ufulu, asilikali a Zambia ndi anthu wamba, ndipo anthu a m'midzi yozungulira anathawa mbewu zili m'munda. Chikumbutso cha tsikuli chimachitikabe kumeneko. Zimbabwe italandira ufulu mu Epulo 1980 mbali ya Zambezi inakhala bata, koma nkhondo ya Frelimo ndi Renamo ku Mozambique inathamangitsa anthu a ku Zumbo ndi midzi yake kuwolokera ku Zambia. Ambiri anafikira kwa abale a mfunda umodzi, ena anatengedwa kupita ku Ukwimi m'boma la Petauke, malo a othawa nkhondo amene anatsegulidwa mu 1987. Pangano la mtendere litasainidwa ku Rome mu Okutobala 1992, ochuluka anabwerera kukamanganso pa mabwinja awo.

Disembala wa masiku ano

Lero chimene chimalamula nthawi yosamuka ndi kalendala ya boma ndi ya sukulu. Chaka cha maphunziro ku Zambia chimayamba mu Januwale, choncho mphunzitsi, namwino kapena wapolisi amene wasamutsidwa amayesetsa kunyamuka pa tchuthi cha Disembala kuti ana akayambe kalasi yatsopano pamodzi ndi anzawo. Ophunzira amene akhoza mayeso amakonzekera kupita kusukulu zogonera komweko kapena kukakhala kwa achibale ku Lusaka. Achinyamata ofuna ntchito amadikira abale obwera kudzadya Khirisimasi kuti abwerere nawo kutauni. Asodzi nawonso amasamuka nthawi yomweyi, chifukwa boma limatseka usodzi m'madera ambiri kuyambira pa 1 Disembala mpaka kumapeto kwa Febuluwale kuti nsomba ziswane, ndipo amachoka m'misasa ya kumtsinje kubwerera kuminda.

Kukonzekera kwake kumasakanikirana ndi ntchito za nyengoyo. M'nyumba imodzi wina akusankha mbewu yodzala, wina akumanga mbale ndi mapoto m'matumba, wina akusoketsa yunifolomu. Mbuzi ndi nkhuku zimagawidwa kwa abale kapena kugulitsidwa kuti papezeke ndalama ya galimoto, imene imakwera mtengo pa zikondwerero. Msewu wochokera ku tauni ya Luangwa kukafika pa mlatho, wa makilomita pafupifupi 90, unaikidwa phula m'zaka za m'ma 2010, ndipo kuchokera pa mlathopo kukafika ku Lusaka ndi makilomita oposa 200. Ulendo umene unkatenga masabata tsopano ndi wa tsiku limodzi, ngakhale tinjira ta m'midzi timavutabe mvula ikagwa. Kamba sanasinthe kwenikweni: ufa, nsomba zouma, malambe, masau ouma ndi mphasa yabango yoyala kunyumba yatsopano.

Kupukwa kwa wosamuka mu Disembala kumayamba asananyamuke. Amadya Khirisimasi akudziwa kuti chimanga chimene wadzala adzakolola ndi ena, ndipo amatsazika pa nthawi imene mudzi wadzaza ndi obwera. Akafika ku Lusaka amapeza nyengo yozizirirapo, nyumba ya lendi, madzi ogula ndi ndiwo zogula, ndipo Chinsenga kapena Chikunda chake chimamira m'Chinyanja cha m'tauni. Foni, WhatsApp ndi kutumiza ndalama pa foni zalowa m'malo mwa kalata ndi mthenga wapansi, kotero kuchona kwenikweni, kosamveka n'komwe kumene munthu ali, kwachepa. Magulu a anthu ochokera dera limodzi akupitiriza kusonkherana pa maliro ndi kutumiza thupi kumudzi ngati ndalama zilola. Miyambo ya pachaka, Mbambara wa Ansenga-Luzi kwa Mfumu Yaikulu Mburuma ndi Dantho wa Achikunda kwa Mfumu Mphuka, yakhala nthawi inanso yoitanira ana a m'chigwa kumudzi pambali pa Khirisimasi.

Pa zaka pafupifupi 300 kuchokera pamene msika wa Zumbo unatsegulidwa, mphamvu yosankha nthawi yosamuka yachoka pang'onopang'ono m'manja mwa mudzi n'kupita kwa amalonda, ankhondo, olemba ntchito ndi boma. Chimene chatsala m'manja mwa anthu ndi kachitidwe kake. Malo a m'dziko la Mburuma ndi a chikhalidwe, osungidwa ndi mafumu ndi anyakwawa, ndipo munthu amene anatsazika bwino, n'kusiya munda kwa mbale, n'kumaonekera pa maliro ndi kutumiza thandizo pa njala, amapezabe pomanga nyumba ndi polima ngakhale atakhala kutauni zaka makumi angapo.